Kapangidwe ka fomu yoyezera ngati sukulu kapena bizinesi yanu ikuyendadi bwino, osati ija anthu amangodina kuti zili bho

Chaka chatha komiti ya makalasi a Loweruka omwe timachititsa mu holo ya tchalitchi ku Rosettenville, ku Joni kuno, inapanga fomu pa Google Forms, mafunso asanu okha, nkuponya linki mu gulupu ya makolo pa WhatsApp. Funso loyamba linali loti kodi mukukhutira ndi maphunziro a mwana wanu, ndipo pafupifupi aliyense anadina Eya. A tcheya anawerenga zotsatirazo pa msonkhano, anthu nkuwomba m'manja. Teremu yotsatira mabenchi akumbuyo anali pululu. Ndiye tsiku lina ndakumana ndi mayi wina pa renki ya mataxi mtauni, ndikuwafunsa kuti mayi nanga mwana uja bwanji, iwo akuti achimwene, kalasi yoti izituluka 12 imatuluka cha m'ma 2, ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton Loweruka lomwe, mwana azikhala panja yekha? Ndikuti nanga pa fomu paja munadiniranji Eya, iwo kuseka, akuti ndikanadina bwanji Ayi dzina langa lili pamwamba pomwe, a tcheyawo ndi akwathu ku Ntcheu.

Fomu ija sinayeze kalikonse. Ine zoyeza zinthu ndinaphunzirako pang'ono ku yunivesite ya Unisa, nde ndinapempha kuti tiyambirenso, ndipo zomwe ndilembe panozi ndi momwe tinachitira. Zitha kugwira pa kirechi, pa saluni, pa bizinesi yonyamula katundu kupita kumudzi, olo pa risechi yanu ya honours ngati muli ku yunivesite ya Wits kapena ya Johannesburg (UJ).

Musanalembe funso olo limodzi, kumbukirani sikelo ya mavenda ogula soya kumudzi kuja. Sikelo ina mukaika thumba lomwelo katatu imakupatsani manambala atatu osiyana, imeneyo ndi yosadalirika, azungu a risechi amati ilibe reliability. Ina imapereka nambala imodzimodzi tsiku lililonse koma anaipotoza kale, thumba la 50 kg ikumati 46, imeneyo siisinthasintha koma ndi yabodza, ilibe validity. Nchifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo. Fomu yanu ndi sikelo basi, ndipo muyenera kuiyesa kaye iyoyo musanayambe kuyezera anthu.

Poyamba gwirizanani kuti "ubwino" womwe mukuyezawo ndi chani kwenikweni. Apa sipofunika kuyambira pa ziro. A Parasuraman, Zeithaml ndi Berry ku America anakhala pa nkhaniyi, mu 1985 anatulutsa mbali 10 za ubwino wa sevisi, kenako mu 1988 anazifupikitsa kukhala 5 mu chida chotchedwa SERVQUAL chokhala ndi ziganizo 22. Mbali zake mwachidule ndi izi: zooneka ndi maso monga malo, zipangizo ndi ukhondo, kuchita zomwe munalonjeza pa nthawi yake, changu pothandiza munthu, luso ndi ulemu zomwe zimapangitsa munthu kukudalirani, ndi kumuganizira kasitomala aliyense payekha. Njira yawo ndi yofunsa kawiri, zomwe munthu amayembekezera ndi zomwe wapezadi, kenako nkuchotsera. Mu 1992 a Cronin ndi Taylor anati kufunsa kawiriko nkotopetsa chabe, funsani zomwe munthu wapeza basi, chida chawo nkuchitcha SERVPERF. Za kuyunivesite kulinso HEdPERF ya Firdaus Abdullah wa ku Malaysia. Koma chonde osangokopera ziganizo 22 zija nkumata. Zinayesedwa pa makasitomala a banki, a makhadi angongole, a mafoni ndi okonzetsa zipangizo ku America, osati pa mayi wa ku Turffontein yemwe nkhawa yake ndi yoti mwana awoloka bwanji msewu kalasi ikatuluka mochedwa. Tengani mbali zisanuzo ngati mafelemu a nyumba, njerwa muumbe nokha.

Njerwazo zimachokera pakamwa pa anthu. Ife tinakhala pansi ndi makolo 12, timagulu tiwiri, tiyi ndi masikono, a komiti tinawauza kuti asabwere. Funso linali limodzi, tiuzeni tsiku lomwe munakondwa ndi kalasiyi komanso tsiku lomwe munakhumudwa. Osafunsa kuti zikuyenda bwanji, Mmalawi mukamufunsa choncho olo nyumba ikupsa amati tikuyesetsa. Koma mukati fotokozani tsiku lenileni, nkhani zimatuluka: chimbudzi chokiya, aphunzitsi kulankhula pa foni kalasi ili mkati, homuweki yosachongedwa masabata atatu, risiti ya fizi yosaperekedwa, kulengeza kuti kulibe kalasi m'mawa womwewo munthu atalipira kale taxi. Lembani mawu awo momwe akuwanenera, mudzawagwiritsa ntchito pa fomu. Yesetsaninso kupeza awiri atatu omwe anachotsa ana, amenewo ndi omwe ali ndi golide.

Tsopano kulemba ziganizo, ndipo apa mpomwe ndikhalitse chifukwa mafomu ambiri amafera pano. Lembani zambiri kuposa zomwe mukufuna, kawiri kapena katatu, chifukwa zambiri zidzagwa mnjira. Ife tinayamba ndi 48 tikulinga zotsala cha m'ma 20.

Chiganizo chimodzi chinyamule nkhani imodzi. "Aphunzitsi amafika pa nthawi ndipo amaphunzitsa momveka" ndi mafunso awiri atavala malaya amodzi, nanga ngati amafika mochedwa koma akayamba masamu ana onse amamva, kholo liyankhe chani? Dulani pakati. Mawu oti "bwino" muwaope ngati njoka, chifukwa kwa ife chilichonse chomwe sichinaphe munthu ndi chabwino. M'malo moti "aphunzitsi amachonga bwino homuweki" lembani kuti "homuweki ya mwana wanga imabwera yochongedwa Loweruka lotsatira", chinthu choti kholo litha kutsegula kope nkuona. Osafunsanso kholo zomwe silingaone, za momwe aphunzitsi amafotokozera mafrakishoni mufunse mwana kapena mphunzitsi mnzawo, kholo silikhala mkalasi. Ndipo mafunso okankhira munthu ku yankho, aja oyamba ndi "kodi mukuvomereza kuti aphunzitsi athu odzipereka...", amenewo ndi kampeni, si risechi.

Pali msampha wina womwe mabuku achingerezi sangakuchenjezeni mokwanira. Mabukuwo amalangiza kuti muikemo ziganizo zingapo zotembenuza, zokhala ndi "si" kapena "sa", kuti mugwire anthu ongodina mzere umodzi kutsika. Nzeru yake ndi yabwino koma mu Chichewa imavuta. Munthu akakufunsani kuti simunadye, inu mukati eya mukutanthauza kuti zoona simunadye, pomwe mzungu pamenepo amati no. Nde chiganizo choti "aphunzitsi samvetsera madandaulo anga" kenako yankho loti "sindikugwirizana nazo", makolo ena anazunguzika mutu, kukana kukana kukhala kuvomera. Ngati mukufuna chotembenuza chilembeni popanda "sa", mwachitsanzo "ndikadandaula nkhani yanga imangothera m'malere". Ndipo musadzaiwale kutembenuza manambala ake powerengera, 5 akhale 1, 4 akhale 2, ine ndinaiwala koyamba ndipo zotsatira zinatuluka zamisala.

Mayankho akhale a masitepe, osati Eya kapena Ayi. Njirayi anaiyambitsa Rensis Likert mu 1932 ndipo mpaka pano ndi yomwe imalamulira. SERVQUAL imagwiritsa masitepe 7 koma pa foni yaing'ono, munthu akuyankha ali mu taxi, 5 akwana. Athu anali awa: sindikugwirizana nazo olo pang'ono, sindikugwirizana nazo, ndili pakatikati, ndikugwirizana nazo, ndikugwirizana nazo kwambiri. Ikaninso padera bokosi la "sizikundikhudza", apo ayi munthu yemwe sanadandaulepo adzadina pakatikati nkukusokonezerani avereji. Pa zinthu zowerengeka ndinaona kuti kufunsa kangati kumagwira kuposa kufunsa ngati akugwirizana nazo, monga "pa Maloweruka 4 apitawa kalasi inatuluka mochedwa kangati". Munthu waulemu amavutika kutsutsa mphunzitsi koma kunena kuti katatu savutika.

Mukamaliza kulemba, perekani kwa anthu odziwa ntchitoyo aziweruze. Pezani aphunzitsi, wina woyendetsa kirechi, wina wa risechi, ngati nkotheka 10. Aliyense payekha, osakambirana, aike chiganizo chilichonse mu gulu limodzi mwa atatu: nchofunika zedi, nchothandiza koma titha kukhala opanda, kapena nchosafunika. Iyi ndi njira ya Lawshe ya mu 1975 ndipo masamu ake ndi a sitandade 7. Tengani chiwerengero cha omwe ati nchofunika zedi, chotsani theka la oweruza onse, gawani ndi theka lomwelo. Oweruza 10, asanu ndi anayi ati nchofunika: 9 kuchotsa 5 ndi 4, kugawa ndi 5 ndi 0.8. Pa tebulo la Lawshe oweruza akakhala 10 chiganizo chimafunika 0.62 kuti chipulumuke, kutanthauza kuti 8 mwa 10 sichikwana chifukwa imeneyo ndi 0.6. Oweruza akakhala 5 mzere wake ndi 0.99, onse avomereze basi. Afunseninso kuti chasowa nchani. Mayi wina wa kirechi ku Yeoville ndi amene anatikumbutsa kuti sitinafunse kalikonse zoti ndani amaloledwa kudzatenga mwana, nkhani yomwe ku Joni kuno si yamasewera. Apa 48 zija zinatsika kufika 31.

Za chilankhulo. Ana athu ambiri akukulira mu Chingerezi ndi Chizulu, makolo ena ndi a ku Mzimba Chichewa chawo nchapamsika, ena a ku Mangochi kunyumba amayankhula Chiyao. Ife tinapanga ya Chichewa ndi ya Chingerezi. Njira yake, yomwe Richard Brislin anaifotokoza mu 1970, ndi yoti munthu mmodzi amasulire, wina yemwe sanaonepo yoyambayo abwezere ku chilankhulo choyamba, kenako muyerekeze ziwirizo. Pomwe zasemphana mpomwe pali vuto. Kwa ife "ndimamasuka kufunsa aphunzitsi" inapita ku Chingerezi nkubwera ngati "ndili ndi ufulu wofunsa aphunzitsi", zomwe si zofanana, ufulu aliyense ali nawo koma kumasuka ndi nkhani ina.

Kenako, musanatumize kwa gulu, khalani ndi anthu 5 mpaka 8 mmodzimmodzi, muwapatse foni aziyankha uku akulankhula mokweza zomwe akuganiza. Inu khalani chete, ngakhale pakamwa pakuyabwa kuti muwafotokozere, chifukwa tsiku lenilenilo simudzakhalapo. Akamaliza chiganizo afunseni kuti mwa mawu anuanu funsoli likufuna chani. Bambo wina, wogwira ntchito ya sekyuriti ku Braamfontein, atafika pa "malo ophunzirira ndi otetezeka" anayamba kuwerenga za geti, alonda ndi makamera, pomwe ife timaganiza za mawaya amagetsi olendewera ndi masitepe oterera. Chiganizo chimodzi chinasanduka ziwiri. Onaninso wotchi, ikapitirira mphindi 10 anthu amayamba kudina mwachisawawa kuti athane nayo, komanso data ku South Africa kuno si yaulere.

Tsopano pilot, kutanthauza kuiyesera kaye fomuyo pa kagulu musanaitumize kwa onse. Anthu 30 mpaka 50 ofanana ndi omwe mudzawafunse. Zinthu ziwiri apa. Choyamba, dzina ayi, nambala ya foni ayi, ndipo za mapepala kapena pemiti musayerekeze nkomwe, funso limodzi lotero anthu onse athawa ndipo sadzakukhulupiriraninso. Pa Google Forms thimitsani kaja kotolera ma email. Lamulo la ku South Africa loteteza zinsinsi za anthu, lotchedwa POPIA, lomwe linakhazikitsidwa mu 2013 nkuyamba kuluma mokwanira pa 1 Julaye 2021, limafuna kuti munthu adziwe chifukwa chomwe mukutengera zokhudza iye, musatenge zoposa zomwe mukufunikira, ndipo zokhudza mwana pamafunika chilolezo cha kholo kapena womuyang'anira. A ku yunivesite tengani kaye ethics clearance, chilolezo cha komiti yoona kuti risechi isapweteke anthu, musanafunse munthu olo mmodzi. Chachiwiri, wotolera mayankho asakhale mphunzitsi kapena a tcheya. Ife omwe analibe data tinawapatsa ya pepala ndi envelopu, nkuponya mu katoni yomata. KoboToolbox, pulogalamu ina yopangira mafomu, nayo ndi yaulere pa ntchito yaing'ono ngati imeneyi ndipo imatolera olo netiweki palibe.

Mayankho akabwera mpomwe masamu amayamba, koma musaope. Pulogalamu yowerengera masamuwa yotchedwa SPSS ndi yodula, dawunilodani zinzake jamovi kapena JASP, zonse ndi zaulere. Yambani nkungoyang'ana chiganizo chilichonse. Ngati anthu pafupifupi onse adina 5, chiganizocho sichikusiyanitsa aliyense, chili ngati mayeso omwe kalasi yonse yakhoza 100. Kenako pa mbali iliyonse payokha werengerani Cronbach's alpha, ya Lee Cronbach ya mu 1951. Imakuuzani ngati ziganizo zomwe mwaziika mu khola limodzi zikuyendadi limodzi. Ambiri amatsata 0.7 ngati poyambira, mzere womwe umatchulidwa kuchokera kwa Nunnally mu 1978. Ikatsika pansi pa apo, onani kolamu ya item-rest correlation, yoonetsa momwe chiganizo chilichonse chikuyendera limodzi ndi zinzake, chiganizo chomwe chili pansi pa 0.3 mwina ndi mbuzi mu khola la nkhosa. Koma chiwerengeni kaye musanachitaye, nthawi zina nkhani yake ndi yofunika, chalakwika ndi kalembedwe. Ikakwera kupitirira 0.95 musavine, nthawi zambiri ndiye kuti mwafunsa funso limodzi kasanu mosintha mawu. Ndipo alpha imakwera yokha mukachulutsa ziganizo, nde kuponya zonse 30 pamodzi nkupeza nambala yokongola si umboni wa kalikonse. Anthu amaika alpha mu lipoti ngati satifiketi yoti fomu ndi yoona, pomwe sikelo yopotozedwa ija nayonso ikanapeza alpha yapamwamba.

Factor analysis ndi masamu oonera ngati mbali zanu zija zilikodi m'mitu ya anthu kapena zili m'mutu mwanu mokha. Imafuna gulu lalikulu, lamulo lachala ndi anthu 5 mpaka 10 pa chiganizo chilichonse, nde ziganizo 25 ndi anthu osachepera 125. Pulogalamu ikupatsani manambala awiri oonetsa ngati mayankho anu ndi oyenera masamuwa, onani KMO ikhale pamwamba pa 0.6, Bartlett's test itsike pansi pa 0.05, ndipo chiganizo chikhale ndi loading, nambala yoonetsa momwe chamatirira ku mbali yake, ya 0.4 kupita mtsogolo pa mbali imodzi, osati kuponda kuwiri. Musadabwe mbali zikatuluka 3 kapena 4 m'malo mwa 5, SERVQUAL yeniyeniyo imachita zomwezo kawirikawiri ikapita kudera lina, ndipo ndi chimodzi mwa zomwe akatswiri akhala akuidzudzula nazo. Kalasi yathu makolo ake safika 100, nde ife gawo ili tinalidumpha ndipo mu lipoti tinalemba kuti talidumpha. Wa masters sangalidumphe.

Zomwe aliyense angathe, olo gulu lichepe bwanji, ndi ziwiri izi. Bwerezani fomu yomweyo kwa anthu 20 omwewo pakatha masabata awiri, popanda kusintha kanthu pa sukulupo. Poti mulibe mayina, aliyense adzipangire kodi yake, mwina zilembo ziwiri zoyamba za mudzi wa kwawo ndi tsiku lobadwa la amayi ake. Mayankho akasiyana kutali ndiye kuti anthu amangolota. Chinacho, chomwe ine ndimachiona chachikulu kuposa masamu onse aja, yerekezani fomu ndi chinthu chenicheni chakunja. Ipatseni makolo omwe anachotsa ana ndi omwe akhala nanu zaka ziwiri. Ngati magulu awiriwo apereka mamaki ofanana, fomu yanu ndi yakhungu, bwererani ku tiyi ndi masikono kuja.  Yathu yoyamba ija ikanalephera mayeso awa tsiku loyamba lomwe.

Powerenga zotsatira musasakanize zonse kukhala nambala imodzi yoti tapeza 80 peresenti. Onetsani mbali iliyonse payokha. Ngati mwafunsa kawiri ngati SERVQUAL, chotsani: tiyerekeze kuti pa kusunga nthawi makolo amayembekezera 4.7 koma apeza 3.1, mpata wake ndi -1.6, pomwe pa ukhondo wa holo amayembekezera 4.2 apeza 4.0, mpata -0.2. Ndalama zopentera holo zipite kwina, vuto ndi wotchi. Dziwaninso kuti pa zoyembekezera pafupifupi aliyense amadina pamwamba, ndani angati sindiyembekezera ulemu, nde mipata imatuluka ya minus pafupifupi yonse, chofunika ndi kuona waukulu ndi uti. Ife ulendo wachiwiri tinasiya kufunsa kawiri, m'malo mwake kumapeto timati sankhani zinthu zitatu zofunika kwambiri kwa inu, fomu inafupika ndi theka. Siyaninso bokosi limodzi lopanda malire loti lembani chilichonse, ena amalemba "palibe, Mulungu akudalitseni" koma ena amakhuthula zenizeni.

Chenjezo limodzi kwa a sukulu, fomu ya makolo imayeza sevisi, siyeza ngati mwana akudziwa masamu. Mphunzitsi wansangala wopereka maswiti atha kupeza 5 ponseponse ana osadziwa 7 times table. Kuphunzira kwenikweniko kumafuna kamayeso kakekake koyambirira kwa teremu ndi kumapeto, kofanana kulimba, ndipo nako kamayenera kudutsa mwa oweruza ndi pilot chimodzimodzi.

Yathu inathera pa ziganizo 19 ndi bokosi limodzi lija, imatenga mphindi 6, ndipo timaitumiza kumapeto kwa teremu iliyonse osasintha mawu, chifukwa mukasintha mawu simungayerekezenso teremu ino ndi yatha. Zotsatira timaziponya mu gulupu ya makolo zonse, zowawa zomwe, pamodzi ndi chinthu chimodzi chomwe komiti yalonjeza kukonza ndi deti yake. Ulendo woyamba chinali cha nthawi yotuluka. A tcheya anagula belu la m'manja ku China Mall nkulipereka kwa mtsikana wa giredi 7 yemwe sachita manyazi ndi aliyense, 12 ikakwana amaliliza olo abusa ali pakati pa chilengezo.